Mmene Mungalankhulire ndi Munthu Amene Akukayikira Katemera pa Nthawi ya Mliri

Mliri ukabuka anthu amayamba n'kufunsa kuti mankhwala ake apezeka liti, koma katemera akangofika funso limasintha, ndipo ena mwa anthu omwe aja amene ankadandaula kuti akuluakulu akuchedwa amayamba kubwerera m'mbuyo. Zimenezi zinaoneka bwino pa mliri wa COVID-19. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalengeza pa 11 Malichi 2020 kuti matendawa ndi mliri wa dziko lonse, ndipo pa 8 Disembala chaka chomwecho mayi wa zaka 90, Margaret Keenan, anabayidwa katemera wa Pfizer mumzinda wa Coventry ku England, n'kukhala munthu woyamba kulandira katemerayu kunja kwa kafukufuku. Panali patangodutsa miyezi isanu ndi inayi yokha. Kwa akatswiri a sayansi chimenechi chinali chipambano chachikulu, koma kwa anthu wamba ambiri liwiro lomwelo ndi limene linabweretsa chikayiko.

Malangizo awa ndi a aliyense amene ali ndi kholo, mwamuna kapena mkazi wake, mnzake wa kuntchito kapena wa kumpingo amene akuzengereza kukabayitsa katemera pamene matenda akufalikira, ndipo angathandizenso anamwino ndi alangizi a zaumoyo amene amakumana ndi anthu otere tsiku ndi tsiku. Zitsanzo zambiri zichokera pa COVID-19 chifukwa ndi mliri umene ambiri akuukumbukirabe, koma njira zake zingagwire ntchito pa chikuku, kolera, Ebola kapena nthenda ina imene idzabuke m'tsogolo. Chofunika kuchidziwa kuyambira pachiyambi n'chakuti anthu okana katemera kwamtuwagalu ndi ochepa. Ambiri amakhala pakati, sanavomere koma sanakanenso, ndipo kalankhulidwe kathu kakhoza kuwakokera mbali iliyonse.

Yambani mwafufuza chimene chikumuletsa

Anthu ambiri amathamangira kuyankha funso limene munthu wokayikirayo sanafunse n'komwe. Mu 2014 gulu la akatswiri amene amalangiza WHO pa nkhani za katemera, lotchedwa SAGE, linaika zifukwa zokayikira m'magulu atatu. Pali amene sakhulupirira katemerayo, kapena anthu amene amupanga ndi amene akumubweretsa. Pali amene amaderera matendawo poganiza kuti iwo ndi amphamvu kapena kuti mliri watha. Ndiponso pali amene alibe nkhawa iliyonse ndi katemera, kungoti malo obayitsira ali kutali, mzere ndi wautali, kapena abwana sangawalole kuchoka pantchito. Magulu atatuwa amafuna thandizo losiyana, moti kufotokozera za sayansi munthu amene vuto lake ndi ulendo n'kungotaya nthawi, ndipo kupezera galimoto munthu amene akuopa kuti katemera amulepheretsa kubereka sikungamusunthe pamene ali. Vutoli si lachilendo, chifukwa mu 2019, COVID-19 isanamveke n'komwe, WHO inali itaika kale kukayikira katemera pa mndandanda wa zinthu khumi zoopseza umoyo wa anthu padziko lonse.

Sankhani nthawi imene muli awiri, osati pagulu, chifukwa munthu akakana chinthu pamaso pa anthu zimamuvuta kudzasintha maganizo poopa manyazi. Funso lanu loyamba likhale lomupatsa mpata wofotokoza, monga lakuti, "Amayi, nkhani ya katemerayi inu mukuiona bwanji?" Funso lakuti, "Bwanji simunabayitsebe mpaka lero?" limamveka ngati mlandu, ndipo munthu akaona kuti akuimbidwa mlandu amasiya kuganiza za katemera n'kuyamba kudziteteza. Akayamba kulankhula musamudule mawu, ngakhale atanena zinthu zimene mukudziwa kuti n'zabodza. Akatsiriza bwerezani zimene mwamva m'mawu anuanu: "Ngati ndamva bwino, achimwene, chimene chikukudetsani nkhawa n'chakuti katemerayu anapangidwa mofulumira kwambiri, si choncho?" Kubwereza kotere kumamutsimikizira kuti mumamvetseradi, komanso kumavumbula chifukwa chenicheni, pakuti chifukwa chimene munthu amayamba kutchula nthawi zambiri chimakhala chongobisalirako. Alipo abambo aakulu amene amalankhula kwa nthawi yaitali za ziwembu za mayiko olemera pamene chimene akuopa kwenikweni ndi singano, ndipo alipo amayi amene amati akuganizabe pamene zoona zake n'zakuti amuna awo awaletsa.

Musanayambe kufotokoza, pemphani chilolezo: "Kodi mungandilole ndikuuzeni zimene ndikudziwa pa nkhani imeneyi, kenako muone nokha?" Ena angaone ngati kumeneku n'kunyengerera kopitirira muyezo, koma pali umboni wakuti kumathandiza. Ku Quebec m'dziko la Canada, dokotala wa ana akhanda Arnaud Gagneur ndi anzake anayesa njira yocheza mwaulemu ndi amayi amene angochira kumene, kuwafunsa nkhawa zawo ndi kuwayankha popanda kuwalamula, ndipo anapeza kuti ana ambiri a amayi amenewa analandira katemera wawo. Kafukufuku wina wa mu 2014 ku United States, wotsogoleredwa ndi Brendan Nyhan, anaonetsa mbali inayo: makolo amene anali okayikira kwambiri atapatsidwa uthenga wotsutsa bodza la katemera wa chikuku, chikhulupiriro chawo pa bodzalo chinachepa, koma chidwi chawo chobayitsa ana chinacheperanso. N'zotheka kupambana mkangano n'kumutaya munthuyo.

Musanyoze mantha amene ali ndi mbiri yake

Munthu akanena kuti sakhulupirira maboma ndi makampani a mankhwala, musamuyankhe ngati wopanda nzeru, chifukwa pali zinthu zenizeni zimene zinachitika. Kuyambira 1932 mpaka 1972 nthambi ya boma ya zaumoyo ku United States inachita kafukufuku ku Tuskegee pa amuna akuda pafupifupi 600, ndipo 399 mwa iwo anali ndi chindoko. Amunawa sanauzidwe zoona za matenda awo, ndipo sanapatsidwe penisilini ngakhale pamene mankhwalawa anadziwika kuti amachiza chindoko. Mu 2011 bungwe la ukazitape la CIA linagwiritsa ntchito kampeni yabodza ya katemera ku Abbottabad m'dziko la Pakistan pofufuza kumene kunali Osama bin Laden, ndipo m'zaka zotsatira anthu obaya katemera wa poliyo m'dzikolo ankakayikiridwa, ena mpaka kuphedwa.

Nkhani ya kumpoto kwa Nigeria ndi yoyenera kuidziwa bwino chifukwa ikuonetsa chiyambi cha chikayiko komanso mathero ake. Mu 1996, pa nthawi ya mliri wa matenda oumitsa khosi, kampani ya Pfizer inayesa mankhwala otchedwa Trovan pa kafukufuku wa ana pafupifupi 200 mumzinda wa Kano. Ana 11 anamwalira, makolo anadandaula kuti sanafotokozeredwe mokwanira, kampaniyo inakana kuti inalakwa, ndipo mlandu wa boma la Kano unathera pa mgwirizano wa kunja kwa khoti mu 2009. Pamene mphekesera inabuka mu 2003 yakuti katemera wa poliyo ali ndi mankhwala oletsa kubereka, inagwera m'makutu a anthu amene anali ndi chilonda kale. Zigawo za Kano, Zamfara ndi Kaduna zinaimitsa katemerayo, ndipo kachilombo ka poliyo kanafalikira m'mayiko ambiri amene anali atathana nako kale, mpaka kukafika ku Yemen ndi ku Indonesia. Kano inayambiranso kupereka katemera mu 2004 pambuyo pa zokambirana ndi atsogoleri achipembedzo ndi mafumu, komanso atagwirizana kuti katemerayo azichokera ku Indonesia, dziko limene anthu a kumeneko ankalikhulupirira. Katemerayo analibe vuto kuyambira pachiyambi. Chimene chinasintha ndi anthu amene anatenga nawo mbali pomutsimikizira.

Choncho munthu akatchula nkhani ngati zimenezi, vomerezani kuti zinachitikadi ndipo zinali zoipa, kenako muthandizeni kusiyanitsa funso la mbiri ndi funso la katemera amene ali patsogolo pake lero: wayesedwa pa anthu angati, wavomerezedwa ndi mabungwe ati, ndipo kodi anthu a m'mayiko amene anamupanga akubayidwa yemweyo? Pa COVID-19 yankho la funso lomalizali linali lamphamvu, popeza mayiko olemera ndi amene anayamba kudzigulira katemera wambiri, mpaka mayiko osauka anadandaula kuti atsalira.

Mafunso amene amabwerabwera ndi mayankho ake oona

Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo munthu wofunsa za chinthu chimene chikulowa m'thupi mwake akuchita bwino. Funso lofala kwambiri ndi la liwiro lija. Yankho lake n'lakuti ntchitoyo sinayambe mu 2020. Akatswiri anali ataphunzira kale tizilombo ta mtundu womwewo pa mliri wa SARS wa mu 2002 ndi 2003 komanso MERS imene inadziwika mu 2012, ndipo njira ya katemera wa mRNA, monga wa Pfizer uja, amene amapatsa thupi malangizo opangira kachidutswa ka kachilomboka kuti liphunzire kulimbana nako, inali itafufuzidwa kwa zaka zambiri. Katalin Karikó ndi Drew Weissman anasindikiza zotsatira zawo zofunika kwambiri mu 2005, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 2023 chifukwa cha ntchito imeneyi. Kuwonjezera apo, ndalama zimene nthawi zina zimatenga zaka kuti zipezeke zinaperekedwa nthawi yomweyo, mafakitale anayamba kupanga katemera zotsatira zisanatuluke, ndipo chifukwa matenda anali paliponse sizinatenge nthawi kuti zioneke ngati katemera akuteteza. Pa kafukufuku wa katemera wa COVID-19 wa Pfizer panali anthu opitirira 43,000, theka anabayidwa katemera ndipo theka linalo anabayidwa madzi a mchere. Mwa anthu 170 amene anadwala pa kuwerengera kwakukulu, 162 anali a madzi a mchere ndipo 8 okha anali a katemera. Manambala awiriwa amamveka msanga kuposa kungonena kuti katemera amateteza ndi 95 peresenti.

Pa nkhani ya zovuta zobwera ndi katemera, lamulo ndi limodzi: musanene kuti katemera alibe vuto lililonse. Mawu amenewo si oona, ndipo munthuyo akadzamva mutu kapena kuphwanya m'thupi tsiku lotsatira adzaona kuti munamunamiza, ndipo sadzakumveraninso pa zina zonse. Muuzeni kuti kupweteka kwa mkono, kutopa, kutentha thupi ndi kupweteka kwa mutu n'zofala, zimatha pa tsiku limodzi kapena awiri, ndipo zimasonyeza kuti chitetezo cha m'thupi chayamba kugwira ntchito, ngakhale kuti amene sanamve kanthu nawonso amatetezedwa. Muuzeninso kuti pali zovuta zazikulu zimene zimachitika mwa apo ndi apo. Thupi la anthu ochepa kwambiri limadana ndi katemera nthawi yomweyo mpaka kubanika, n'chifukwa chake wobayidwa amauzidwa kukhala pamalopo kwa mphindi 15 kuti ngati zitero athandizidwe msanga. Pa 7 Epulo 2021 bungwe loona za mankhwala ku Ulaya linatsimikiza kuti katemera wa AstraZeneca akhoza kuchititsa kuundana kwa magazi kwa mtundu wachilendo mwa anthu ochepa kwambiri, ndipo mayiko angapo anasintha malamulo a zaka za anthu oyenera kumulandira. Akatemera a mRNA anapezeka kuti nthawi zina amatupitsa mnofu wa mtima, makamaka mwa anyamata ndi amuna achinyamata akalandira jakisoni wachiwiri, ndipo ambiri mwa iwo amachira. Ena amaopa kuti kutchula zimenezi kuthawitsa anthu. Ine ndimaona kuti kubisa n'kumene kumathawitsa, chifukwa nkhanizi munthu adzazimva ndithu kwina, zitakokomezedwa, ndipo adzadabwa kuti inu munazisiyiranji. Komanso kudziwika kwa zovuta zosowa chotere, miyezi yochepa chabe katemera atayamba kuperekedwa, ndi umboni wakuti pali anthu amene akulondoloza zimene zikuchitika.

Kenako muthandizeni kuyerekeza ndi mbali inayo. Kusabayitsa nakonso kuli ndi chiopsezo chake, chifukwa matenda enieniwo amaundanitsa magazi, amatupitsa mtima ndi kuwononga mapapo, ndipo chiopsezochi chimakula kwambiri kwa okalamba, odwala shuga, a vuto la kuthamanga kwa magazi ndi amayi oyembekezera. Apa lankhulani za munthuyo, zaka zake ndi matenda ake, osati za dziko lonse. Akatswiri a ku Imperial College London anawerengera kuti katemera wa COVID-19 anapulumutsa anthu pafupifupi 20 miliyoni m'chaka chake choyamba, koma nambala yaikulu chotere siimukhudza munthu ngati mmene angakhudzidwire mutamukumbutsa za shuga wake amene wakhala akumuvutitsa.

Funso lovuta kwambiri ndi lakuti, "Nanga uje uja anabayitsa Lachiwiri n'kumwalira Lachisanu bwanji?" Yambani mwapepesa, chifukwa kumbuyo kwa funso limeneli kuli maliro. Mukatero fotokozani mofatsa kuti tsiku lililonse anthu amadwala sitiroko, amapita padera ndiponso amamwalira mwadzidzidzi, katemera alipo kapena palibe, ndipo pamene anthu mamiliyoni akubayidwa m'masabata ochepa, kuyambira ndi okalamba ndi odwaladwala, ena mwa mavuto amenewa adzagwa ndithu m'masiku otsatira jakisoni. Tambala amalira kenako kunja kumacha, koma si tambala amene amachititsa kuti kuche. Njira yodziwira zoona ndi kuyerekeza kuchuluka kwa vutolo pakati pa obayidwa ndi osabayidwa, ndipo umu ndi mmene vuto la kuundana kwa magazi lija linadziwikira kuti ndi lenileni pamene mphekesera zina zambiri zinapezeka kuti zilibe maziko. Ngakhale zizindikiro zing'onozing'ono zimasocheretsa: kafukufuku wa mu 2022 amene anaphatikiza zotsatira za mayeso angapo a katemera wa COVID-19 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse amene anabayidwa madzi a mchere okha anadandaula za mutu, kutopa ndi zina zotero atalandira jakisoni woyamba.

Za kubereka, kafukufuku wa m'mayiko osiyanasiyana sanapeze kuti katemera wa COVID-19 amachepetsa mphamvu yobereka mwa amuna kapena akazi. Chimene chinapezeka n'chakuti msambo wa amayi ena unkachedwa pang'ono, pafupifupi tsiku limodzi, n'kubwerera mwakale m'miyezi yotsatira. Amayi amene ananena zimenezi poyamba sanamveredwe msanga, ndipo kunyalanyazidwa kumeneko kunapatsa mphamvu mphekesera yaikulu ya kusabereka. Za kusintha chibadwa cha munthu, mRNA salowa m'kati mwenimweni mwa maselo a thupi mmene mumakhala DNA yosunga chibadwacho, ndipo thupi limamuphwanya pakapita nthawi yochepa.

Pomaliza pali amene amati, "Anzathu obayitsa aja akudwalanso, ndiye phindu lake n'chiyani?" N'zoona kuti mtundu wa kachilomboka wotchedwa Omicron utadziwika mu Novembala 2021 anthu ambiri obayidwa anatenga kachilomboka, ndipo amene analonjeza kuti wobayidwa sangadwale konse analonjeza mopitirira. Ntchito yaikulu ya katemerayu ndi kuchepetsa kudwala kwa kayakaya ndi imfa. Mwina munthuyo anganene kuti wamva zoti odwala ambiri m'chipatala ndi obayidwa, ndipo apa chitsanzo chongoyerekeza chimathandiza. Tinene kuti pali okalamba 1,000, ndipo 900 anabayitsa pamene 100 sanabayitse. Ngati mmodzi mwa obayidwa 100 alionse agonekedwa m'chipatala, amenewo ndi anthu 9. Ngati asanu mwa osabayidwa 100 aja agonekedwa, amenewo ndi anthu 5. Wolowa m'wodi adzapeza obayidwa 9 ndi osabayidwa 5, n'kuganiza kuti katemera sakuthandiza, chonsecho wosabayidwa ali pa chiopsezo chochuluka kasanu. Lembani manambalawa papepala pamaso pake, chifukwa pongolankhula amasokoneza.

Uthenga wa pa foni ndi wolankhula woyenera

Mphekesera zambiri masiku ano zimafika kudzera pa WhatsApp ndi Facebook, nthawi zambiri ngati mawu ojambulidwa a munthu amene akuti ndi dokotala koma dzina lake ndi malo ake ogwirira ntchito sizikutchulidwa. Wachibale akakutumizirani uthenga wotere, musamuyankhe pagulu la banja lonse pomuchititsa manyazi. Muimbireni payekha, mufunse kumene uthengawo wachokera, ndipo mufufuze limodzi ngati unduna wa zaumoyo kapena WHO yanenapo kanthu. Poyankha yambani ndi choona, bodzalo mulitchule kamodzi kokha, ndipo mutsirizenso ndi choona, chifukwa chinthu chobwerezedwa kawirikawiri chimayamba kumveka ngati chodziwika kale. Bodza la katemera limakhalitsa. Mu 1998 Andrew Wakefield anasindikiza m'magazini ya zachipatala ya The Lancet nkhani ya ana 12 imene inachititsa anthu kuganiza kuti katemera wa chikuku amayambitsa autism, vuto limene limachititsa mwana kuvutika kulankhula ndi kucheza ndi anzake. Magaziniyo inachotsa nkhaniyo mu 2010, Wakefield analandidwa chilolezo chogwira ntchito ya udokotala ku Britain, kafukufuku wa ana mazana a zikwi sanapeze mgwirizano uliwonse, koma mpaka lero makolo ena akuopabe.

Dziwaninso kuti mwina wolankhula woyenera si inuyo. Munthu wachikulire akhoza kukana kumva kwa mwana wake koma n'kumvera namwino amene wakhala akumuyeza magazi kwa zaka zambiri, ndipo amene nkhawa yake ndi ya chikhulupiriro, monga kuopa kuti katemera ndi chizindikiro cha chilombo, amafunika kucheza ndi mtsogoleri wa chipembedzo chake amene anabayitsa. Mu Disembala 2020 likulu la mpingo wa Katolika ku Vatican linanena kuti n'kololedwa kulandira akatemera a COVID-19, ndipo akuluakulu achisilamu m'mayiko ambiri anafotokoza kuti jakisoni wa katemera samasula kusala kwa mwezi wa Ramadan. Atsogoleri a mayiko amene anabayitsa poyera, monga Nana Akufo-Addo wa ku Ghana pa 1 Malichi 2021, anathandiza amene amawakhulupirira kale, koma kwa munthu wokayikira boma mkono wa mnansi wake umanena zambiri kuposa wa pulezidenti. Ngati inuyo munabayitsa, fotokozani mmene zinakhalira popanda kukometsera.

Akavomera, chotsani zopinga tsiku lomwelo

Anthu ambiri amene amawerengedwa ngati okana amakhala kuti anavomera mumtima koma sanapeze mpata. Munthu akangoti, "Chabwino, ndidzapita," mufunseni tsiku ndi nthawi, fufuzani malo amene katemera alipodi kuti asakabwerere chabe, ndipo ngati n'kotheka mperekezeni. Mufotokozereni zimene akakumane nazo, chifukwa chosadziwika chimaopsa: akalembetsa dzina, namwino akamufunsa ngati akudwala kapena ngati thupi lake linadanapo ndi mankhwala ena, akapinda mkono wa malaya, namwino akatsegula jakisoni watsopano m'pepala lake iye akuona, akapopa katemera m'kabotolo n'kumubaya pamnofu wa pamwamba pa mkono, ndipo kubayako kumatha munthu asanamalize n'komwe kupuma kawiri. Woopa singano ayang'ane kumbali, afewetse mkono, ndipo auze namwino kuti amachita chizungulire kuti abayidwe atakhala bwino kapena atagona. Ali ndi ufulu wofunsa dzina la katemerayo ndi kuona tsiku limene mphamvu yake ithere. Nkhani ya tsikuli si yaing'ono: mu Meyi 2021 dziko la Malawi linatentha poyera katemera wa AstraZeneca wokwana 19,610 amene anali atapitirira nthawi yake, pofuna kuti anthu atsimikize kuti sadzabayidwa katemera wotha mphamvu.

Asungitseni bwino khadi lake, lembani tsiku la jakisoni wotsatira, ndipo muimbireni tsiku lotsatira kuti mumve mmene wadzukira. Akamva kupweteka kwa mutu koopsa kosatha, kusaona bwino, kupweteka pachifuwa, kubanika, kutupa mwendo kapena kupweteka kwambiri m'mimba m'masabata otsatira, apite kuchipatala msanga ndipo akanene kuti analandira katemera. Ogwira ntchito zaumoyo nawonso asabise cholakwika chikachitika. Ku Samoa mu 2018 ana awiri anamwalira anamwino atasakaniza katemera wa chikuku ndi mankhwala olakwika m'malo mwa madzi ake. Ntchito ya katemera inaimitsidwa kwa miyezi yambiri, makolo anachita mantha, ndipo chikuku chitabuka mu 2019 chinapha anthu 83, ambiri mwa iwo ana aang'ono, m'dziko la anthu pafupifupi 200,000 okha. Chikuku chimafuna kuti anthu pafupifupi 95 mwa 100 alionse akhale otetezedwa kuti chisafalikire, choncho kutsika pang'ono kokha kumatsegula njira ya mliri.

Akakanabe

Kukakamiza kumaoneka ngati njira yachidule, koma mbiri yake ndi yosakanikirana. Dziko la England litakhazikitsa lamulo lokakamiza katemera wa nthomba mu 1853 n'kuyamba kulipiritsa makolo okana, anthu zikwizikwi anachita zionetsero mumzinda wa Leicester mu 1885, ndipo mu 1898 boma linalola kuti okana chifukwa cha chikumbumtima asalangidwe. Dziko la Austria linakhazikitsa lamulo lokakamiza akuluakulu onse kulandira katemera wa COVID-19 mu Febuluwale 2022, koma linaliimitsa patangopita mwezi umodzi n'kulithetsa chaka chomwecho. Malamulo otere amatha kukweza chiwerengero cha obayidwa, makamaka pakati pa ozengereza chabe, koma amaumitsanso mitima ya okayikira. M'banja, kuopseza, kunyoza kapena kusiya kulankhulana kumabweretsa zomwezo.

Munthu wamkulu ali ndi ufulu wosankha, choncho akakana muuzeni kuti mwamva, kuti nkhawa yanu ikuchokera pomukonda, ndiponso kuti akadzafuna kufunsa zina adzakupezani. Musabwereze nkhaniyo tsiku lililonse. Dikirani mpata wina, monga pamene matenda ayambanso kuchuluka, pamene munthu amene amamukhulupirira wabayitsa, kapena pamene kwafika katemera wa mtundu wina, popeza ena amakana mtundu umodzi wokha. Pakadali pano gwirizanani njira zina zodzitetezera zimene angavomere malinga ndi mtundu wa matendawo, monga kuvala chotchinga pakamwa ndi pamphuno, kutsegula mawindo, kusamba m'manja, kupewa malo odzaza anthu ndi kukayezetsa msanga akamva zizindikiro. Akadwala musamukumbutse kuti munamuchenjeza, chifukwa manyazi amachititsa anthu kubisa matenda mpaka zinthu zitafika poipa. Mutengereni kuchipatala akayamba kubanika, kusokonezeka mutu kapena kufooka kwambiri, ndipo akachira mufunse achipatala kuti adikire nthawi yaitali bwanji asanabayitse, popeza malangizo a zimenezi amasiyana malinga ndi matenda komanso dziko.